Mpaliri wa Mantha

Chipewa chinatsika chokha kuchokera kudenga n'kukhala pamutu pa bamboyo mwapang'onopang'ono, ngati nkhuku ikukhalira mazira. Munali m'chaka cha 2074, m'chipatala cha ubongo chimene chinamangidwa kuseri kwa phiri la Ndirande. Bamboyo anali wokonza mawaya a magetsi. Chigwereni pa mtengo wa magetsi anali asanakwerenso pena paliponse, ngakhale pa mpando pomwe. Tsopano anali yekhayekha m'chipinda choyera mbee, chopanda zenera, chopanda chithunzi, thukuta lili kamukamu.

Kunja kwa chipindacho, pakhoma, panayaka chithunzi cha ubongo wake, chachikulu ngati chitseko. Munali timagetsi tosawerengeka, tikuyaka ndi kuzima. Makinawo atamuonetsa bamboyo phompho lochita kupanga pansi pa mapazi ake, timagetsi tina tinafiira psuu n'kulumikizana ngati mizu. Kenako panamveka kaphokoso ka tswii, ndipo tofiira tonse tija tinazima. Chipewa chinakwera. Pasanapite nthawi bambo uja anali pamwamba pa makwerero m'bwalo la chipatala, akuimba mluzu.

Anthu anawatcha makinawo Mpaliri, chifukwa ankazula mantha m'mutu monga munthu azulira udzu m'munda.

Amene ankaonerera zonsezi ataima pafupi ndi Dokotala Chiphwanya, mwini wake wa ntchitoyi, anali Lusiya Namakhwa, mphunzitsi wa pa yunivesite. Iye ankaphunzitsa ophunzira a chaka choyamba za maganizo ndi khalidwe la munthu, choncho timagetsito ankatidziwa bwino. Kalikonse kankaimira nyuroni, kaselo ka mu ubongo kamene kamalandira uthenga n'kuupatsira kanzake. Manyuroni sagundana ayi. Pakati pawo pali kampata, ndipo uthenga umawoloka pamenepo utanyamulidwa ndi timadzi tapadera. Uthenga ukamawoloka kawirikawiri pa malo amodzi, njirayo imalimba. Chaka ndi chaka Lusiya ankalemba pa bolodi mawu omwewo: manyuroni oyakira pamodzi amamangana pamodzi. Ophunzira ake anafika pomamutcha mayi Oyakira Pamodzi, poganiza kuti iye sakumva.

"Apa panafiira kwambiripa ndi pa amigidala," anatero Dokotala Chiphwanya, akuloza kamalo kakang'ono ngati nzama. "Ameneyu ndi mlonda wa thupi. Akaona choopsa amaliza belu munthu asanaganize n'komwe. Vuto la odwala athu n'lakuti mlonda wawo anasiya kugona. Ife timadzutsa manthawo dala, Mpaliri amaika chizindikiro pa njira iliyonse imene yayaka nawo, ndiye amadula. Munthu amakumbukirabe zimene zinachitika, koma belu silirira."

"Nanga amadziwa bwanji kuti njira iyi ndi ya mantha, iyi si ya mantha?" anafunsa Lusiya.

"Sadziwa, mayi Namakhwa. Amangoona zimene zayakira pamodzi. N'chifukwa chake chipindacho chilibe kanthu. Wodwala amakhala yekha. Sitifuna kuti china chilichonse chilowe m'mutu mwake nthawi imeneyo."

Lusiya anagwedeza mutu. Lamulolo linali lomveka, ndipo akanalilemba yekha.

Chimene chinamubweretsa kumeneko si ntchito, koma amayi ake. Mayi Edina anali a ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi. Dzinja lina napolo anatsika phirilo masanasana, anthu akuona. Anatenga nyumba, mbuzi, ndi bambo ake a Lusiya omwe. Thupi lawo silinapezeke, ndipo pa manda anaikapo thunthu la nthochi lokulungidwa m'nsalu, monga anthu amachitira mtembo ukasowa. Mayi Edina anapulumukira mu mtengo wa mango, madzi a matope akuwanyambita kumapazi. Lusiya anawatenga kudzakhala nawo kunyumba kwake ku Chimwankhunda, mu mzinda wa Blantyre. Koma mvula ikangoti tho tho pa malata, munthu wamkulu uja ankalowa pansi pa bedi n'kumaluma chitenje.

Musaganize kuti Lusiya anathamangira makina ayi. M'kalasi ankaphunzitsa kuti munthu ali ngati nyumba ya zitseko zingapo, ndipo akatswiri amasiyana polowera. Zitsekozo anazigogoda ndithu. Katswiri wa makhalidwe anayesa kuwazoloweretsa mayiwo pang'onopang'ono, kudonthezera madzi pa lata mpaka atasiya kunjenjemera. Zinayenda bwino kufikira tsiku limene bingu lenileni linagunda. Wa kaganizidwe anawafunsa kuti aunike maganizo awo: kodi nyumba ya ku Chimwankhunda ili pansi pa phiri la Michesi? Iwo anayankha kuti, "Mutu wanga ukudziwa, bambo. Miyendo yangayi ndi imene sikumva." Wina wofukula za ubwana anawafunsa za amayi awo, ndipo Mayi Edina anatuluka atakwiya, akuti sanabwere kudzanena akufa. Amene anamukonda ndi katswiri wina amene ankangokhala n'kumawamvetsera, moti ankamutengera mbatata. Amayi a mvano nawo ankabwera kudzaimba mitambo ikada, ndipo akakhalapo zinkakhalako bwino.

Zonsezi zinkathandiza, kunena zoona, koma zinkayenda ngati nkhono. Ndipo Lusiya anali munthu wosapirira zochedwa.

Chimene chinamutyola msana chinachitika masana ena mvula yoyamba itagwa mosayembekezereka. Pobwera ku ntchito anapeza anthu ataunjikana pa msewu. Lole yodziyendetsa yokha inali itaima mopingasa, ndipo amayi ake anali atakumbatira tayala lake lakutsogolo ngati mtengo wa mango uja, maso ali tong'o. Anathawa m'nyumba n'kulowa mu msewu osaona kumene akupita. Loleyo inaima patangotsala kamtunda kosakwana dzanja. Lusiya anachita mantha amene anali asanawamvepo chibadwire. Anati mumtima mwake, dzinja ili likathe amayi adakali chonchi, ndiwaika m'manda.

Amalume ake, a Mulipa, anabwera kuchokera kumudzi atamva za Mpaliri. Anamvetsera zonse atagwira chibwano.

"Ndiye ukuti achemwali akakhala okha m'chipindamo?"

"Okha, amalume. Kanthawi kochepa chabe."

"Munthu wodwala, okha. Hm. Inu a sukulu mumadziwa zambiri. Koma ine chikulireni sindinaonepo wodwala akusiyidwa yekha pa nthawi yowawa."

"Ndi lamulo la makinawo."

"Chabwino. Iwe ukhoza?"

Lusiya anaseka. Anati akhoza bwinobwino.

Tsikulo litafika, Mayi Edina anavala chitenje chawo cha mvano ngati akupita ku tchalitchi. Namwino wa makina, mmodzi mwa aja okhala ndi nkhope yosalala ya munthu ndi mawu ofatsa, anawalondolera ku chipinda choyera. Iwo anamuyang'ana mokayika. Zidole zolankhulazi sanazikondepo.

"Lusiya, usapite patali," anatero ali pakhomo.

"Ndili pompano, Amayi. Pa benchipa."

Chipatala chingakhale cha makina chotani, kuno kwathu wodwala sabwera yekha. Pa benchi ya m'khonde panali patadzaza magadiyani, amayi odikirira odwala awo, ndi mabasiketi, mafulasiki ndi zitenje zofunda. Anamusunthira Lusiya kuti akhale. Dokotala Chiphwanya analowa m'chipinda chake cha zithunzi n'kutseka. Chitseko cha chipinda choyera sichinkakiyidwa, chifukwa malamulo sankalola kutsekera wodwala.

Poyamba kunali zii. Kenako kunayamba kumveka mvula ya makina, madontho pa malata, kenako chimvula, kenako mkokomo wa miyala ikugubuduka. Makinawo ankatulutsanso fungo la matope. Ndiye Mayi Edina anayamba kukuwa.

Kukuwa kwake sikunali kuja Lusiya anakuzolowera kunyumba. Kunali kwa munthu amene ali mu mtengo akuona mwamuna wake akupita ndi madzi. Ndipo mkati mwa kukuwako munali dzina limodzi lokha.

"Lusiya! Lusiya mwana wanga!"

Magadiyani anasiya kucheza. Mayi wina wonenepa, amene anakhala naye moyandikana, anamutembenukira.

"Lusiyayo ndinu?"

"Ndine."

"Nanga mwakhala?"

"Sakulola kulowa. Zingasokoneze makina."

"Makina." Mayiyo anayang'ana anzake. "Mayi anu akuitana dzina lanu chonchi, inu mukusamala makina?"

"Abale, ana amene tikubereka masiku ano," anatero wina chapansipansi, koma mofuna kuti zimveke.

"Ine akanakhala amayi anga, olo aike msilikali pakhomopo," anawonjezera wachitatu.

Lusiya anaweramitsa mutu. Ankadziwa zonse zimene zinkachitika m'mutu mwa amayi ake, dzina la kachiwalo kalikonse, dzina la timadzi tilitonse. Koma naye anali ndi amigidala wake, ndipo belu lake linkalira mogonthetsa m'kutu. Mawu a mkati muja anayamba kusasa. Sankakuwanso. Ankachonderera.

"Lusiya, wandisiya? Iwenso wandisiya?"

Apa ndi pamene munthu wophunzira anadzinamiza ndi maphunziro ake omwe. Anaganiza kuti, makinawa akugwira ntchito ndi phokoso ndi fungo. Ndikalowa osalankhula, osawakhudza, ndingokhala poti andione, palibe chimene ndisokoneze. Anavula nsapato, anakankha chitseko mwakachetechete, n'kulowa.

Amayi ake anali pa mpando, chipewa chili kumutu, thupi lonse likugwedezeka. Lusiya anagwada patsogolo pawo monga mwana agwadira kholo. Anatseka pakamwa ndi dzanja kuti liwu lisatuluke, kenako analichotsa kuti nkhope ioneke yonse. Maso a Mayi Edina anaipeza nkhopeyo n'kuikakamira. Sanaphethire. Mkokomo unkakulirakulira, iwo ali maso pa mwana wawo, ngati kuti dziko lonse lakokoloka n'kutsala nkhope imeneyo basi.

Dokotala Chiphwanya sankaona chipindacho. Ankaona ubongo. Anadabwa kuona njira ina ya kumbuyo kwa mutu, imene inali chete, ikuyaka mwamphamvu n'kulowerera m'mizu yofiira ija. Mmene ankatembenukira ku kanema woonetsa za m'chipindamo n'kumuona Lusiya ali chigwadire, kaphokoso ka tswii kanali katalira kale.

Mvula ya makina inaleka. Chipewa chinakwera. Mayi Edina anapuma mpweya wautali n'kutseka maso.

Dokotalayo anamukokera Lusiya kunja atamugwira pa mkono. Milomo yake inali itauma gwa.

"Mwakhalamo nthawi yaitali bwanji?"

"Sindinalankhule, adokotala. Sindinawakhudze."

"Sindinafunse zimenezo. Anakuyang'anani?"

Mawu ake omwe, aja a pa bolodi, anamubwerera Lusiya: manyuroni oyakira pamodzi amamangana pamodzi.

Madzulo a tsiku lomwelo mvula yeniyeni inagwa. Mayi Edina, atadzuka mu wodi, anapita pa zenera n'kutulutsa dzanja. Anaseka. Anati chimanga cha chaka chino chichita bwino. A Mulipa atalowa, Mayi Edina anawathamangira. "Achimwene, taonani, mvula ikugwa ine ndili chiimire." A Mulipa anapukuta misozi ndi chipewa chawo.

Lusiya anali ataima pakhomo, akuopa kulowa. Pomaliza analowa.

"Amayi."

Mayi Edina anatembenuka. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mwaulemu, osakwiya. Kenako anapinda maondo pang'ono.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Amayi, ndine. Ndine Lusiya."

"Ee, mwafanana nayedi. Ngakhale kachipsera ka pa chipumika." Anasuzumira kukhonde. "Achimwene, Lusiya ali kuti? Anati akhala pa benchi."

"Achemwali, si uyu ali apayu?"

"Uyu ayi." Anayankha mofatsa, ngati munthu wobweza nsalu imene si yake. "Mwana wanga ndimamudziwa."

Dokotala Chiphwanya anafotokoza m'chipinda chake, chithunzi cha ubongo chili pakhoma. Anati nkhope ikalowa m'maso imatenga njira ziwiri. Ina imapita kumene kumasungidwa maonekedwe, ndipo imanena kuti mphuno iyi, maso awa, ndi za wakutiwakuti. Njira imeneyo inali bwinobwino. Inayo imatsikira ku amigidala, ndipo ndi imene imatenthetsa mtima n'kunena kuti uyu ndi wanga. Imeneyo, pa nkhope ya Lusiya yokha, inali itazima.

"Maso akuwauza kuti ndinu, mtima uli zii," anatero. "Ubongo sukonda zinthu zosagwirizana, ndiye umapeka chifukwa. Ukuwauza kuti ndinu wina wofanana naye."

"Bwezeretsani."

"Mpaliri amazula, mayi Namakhwa. Sadzala."

"Ndiye sizidzabwerera?"

"Ubongo umaphuka njira zatsopano nthawi zina. Nthawi zina ayi. Ndikakulonjezani ndikunamizani."

Mayi Edina anakana kupita ku Chimwankhunda ndi mlendo. A Mulipa anawatengera kumudzi, ku nyumba yatsopano imene anamanga kutali ndi phiri. Lusiya anayesa kuimba foni, koma mafoni a masiku amenewo ankaonetsa nkhope ya woimba ikuyandama m'mwamba, ndipo mayiwo akangoiona ankaithimitsa foniyo n'kuitembenuza chafufumimba. Chifukwa chimene ubongo wawo unapeka chinali choopsa kuposa chimene dokotala anaganiza. Iwo anakumbukira namwino wa makina uja wa nkhope yosalala. Anati mwana wawo anafera kuchipatala, ndipo achipatala pobisa mlandu anapanga chidole chofanana naye.

Lusiya anapirira kwa kanthawi, kenako anakwera basi ya ku Phalombe. Anafika dzuwa lili paliwombo. Amayi ake anali pa khonde akusenda chinangwa, atanenepako, nkhope yowala, ngati munthu amene sanadwalepo. Pambali pa nyumba, pa mthunzi, panagona chinthu chachitali chokulungidwa m'chitenje. Chitenjecho Lusiya anachizindikira. Chinali chake, chimene anavala pa chinkhoswe cha mnzake. Kumapeto kwake kunkaonekera thunthu la nthochi lodulidwa kumene, likudontha madzi.

Anaima pomwepo, maso ali pa thunthulo.

A Mulipa anamuchingamira. "Ndawaletsa, sakumva," ananong'ona. "Adula okha m'mawa uno. Akuti ngati achipatala akana ndi thupi, tiike monga tinachitira ndi bambo ako. Akufuna nditume uthenga kwa abale."

Lusiya anapita kukagwada pa khonde, chapatali pang'ono.

"Mwabweranso," anatero Mayi Edina osasiya kusenda. "Amakutumani, kapena mumabwera nokha?"

"Ndabwera ndekha, Amayi. Ndifunseni chilichonse. Ndinabadwira m'nyumba ya agogo, mvula ikugwa. Munkandiitana Nachisale ndikalira. Tsiku lija ndinathyola mtondo wa agogo…"

"Anakuuzani zonse. Iwo aja amatha kulowa m'mutu mwa munthu, ine ndinaona." Anaika chinangwa pansi. "Bweretsani dzanja."

Lusiya anayang'ana mpeni. A Mulipa anasuntha, koma iye anawaletsa ndi maso. Anatambasula dzanja. Amayi ake analigwira bwinobwino, mmene ankaligwirira pomuchotsa minga ali mwana, ndipo anacheka pang'ono pa chala. Magazi anatuluka n'kudontha pa simenti.

Mayi Edina anawayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Achimwene," anatero modabwa, "aikamo ndi magazi omwe."

Chimene chinamuopsa Lusiya si mpeniwo. Kunali kudekha kwawo. Akanakhala kuti akalipa, akanakhala kuti alira, pakanakhala pogwira. Koma m'maso amene anamukakamira tsiku lija munalibe kanthu, ngati akuyang'ana chitsa.

Anadzuka osatsanzika. Anazungulira kuseri kwa mpanda wa bango umene unatchinga bafa ndi khitchini, n'kukhala pansi m'fumbi. Pamenepo zonse zinamutuluka. Analira ngati kamwana, chala chili m'kamwa, akuitana mmene ankaitanira kalekale akagwa.

"Amayi ine. Amayi, ndalakwa ine. Amayi."

Ku khonde kunamveka mpeni ukugwa.

"Lusiya?"

Lusiya anasiya kupuma.

"Lusiya, ndiwe? Mwana wanga, ukulira chiyani? Wakumenya ndani?" Mawuwo anali aja enieni, otentha, onjenjemera. "Achimwene, mwamva? Ali moyo. Ndi Lusiya ameneyo."

"Ndine, Amayi. Ndili kuno."

Mapazi anathamanga. Mayi Edina anatulukira pa ngodya ya mpanda manja ali mwamba kuti amukumbatire. Anaona nkhope. Manja aja anatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana kuseri kwa Lusiya, anasuzumira m'bafa, anasuzumira m'khitchini.

"Mwamubisa kuti? Ndamumva pompano."

Apa m'pamene Lusiya anamvetsa. Tsiku lija m'chipinda choyera anaonetsa nkhope, koma sanalankhule. Njira yochokera m'maso inayakira pamodzi ndi mantha, ndipo inazulidwa nawo. Njira yochokera m'makutu sinayake, choncho Mpaliri sanaione. Liwu lake linali likadali ndi khomo lolowera mumtima mwa amayi ake. Koma maso akakhalapo ankalamula ndiwo, ndipo khomolo linkatsekeka.

Anadzuka n'kuwauza mwaulemu ngati mlendo kuti, "Bwererani pa khonde, mayi. Ndikamuitana. Koma musabwere kuseri kuno, akaona munthu amathawa."

Mayi Edina anamuyang'ana mokayika, koma anapita. Lusiya anakhalanso pansi, msana atatsamira mpanda.

"Amayi, ndabwera."

"Iwe mwana iwe," anayankha mawu a kuseri, akulira ndi kuseka pamodzi. "Unali kuti nthawi yonseyi? Ndinatsala pang'ono kukuika m'manda."

Thunthu lija a Mulipa analimasula madzulo omwewo n'kukaliponyera ng'ombe.

Kuyambira pamenepo Lusiya amapita ku Phalombe Loweruka lililonse. Salowera kumaso kwa nyumba. Amadzera njira ya kudimba, n'kukakhala pa kampando kamene amalume ake anamukhomera kuseri kwa mpanda. Anthu odutsa amamuseka kuti wasanduka mkamwini, wolankhula ndi apongozi atabisala. Iye amangomwetulira. Amayi ake amayala mphasa mbali inayo, ndipo amacheza mpaka dzuwa kupendeka: za mbuzi, za maukwati, za ophunzira ake osamva. Anawauza kuti achipatala anamupatsa mankhwala oletsa kuonana ndi anthu, ndipo iwo anavomera monyinyirika. Pakati pa bango pali kampata kamene Mayi Edina anakakulitsa ndi mpeni. Amapititsapo mtedza wokazinga, nthawi zina zala zawo, ndipo Lusiya amazigwira.

Katswiri wa makhalidwe uja anayambanso ntchito yake ya nkhono. Akuti mwina, liwu likamamveka kwinaku kachidutswa ka nkhope kakuoneka, lero chibwano, mwezi wa mawa tsaya, njira yatsopano ikhoza kuphuka. Lusiya, amene kale sankapirira zochedwa, amachita zonse zimene wauzidwa. Kufikira lero afika pa khutu. Akaonetsa diso, mawu a kuseri amazizira, ndipo amayambiranso.

Loweruka lina mitambo inada ali pakati pocheza. Madontho anayamba kugwa pa malata a khitchini, tho, tho. Mayi Edina sanasunthe n'komwe. Koma Lusiya anamva mtima wake ukugunda, m'manja mukutuluka thukuta, fungo la matope likumukwera m'mphuno. Chichokereni m'chipinda choyera chija, mvula ikamagwa amaona maso aja akumukakamira. Dokotala Chiphwanya anamuuza kuti Mpaliri akhoza kumuchotsera zimenezo mosavuta. Iye anakana. Amadziwa nkhope imene ingayake pamodzi ndi mantha akewo.

"Ukunjenjemera," anatero amayi ake, atagwira zala zake pa kampata. "Ukuopa mvula, mwana wamkulu ngati iwe? Lowa m'nyumba, unyowa."

"Ndili bwino pompano, Amayi."

"Ndakusowa, Lusiya. Mawu okha sakwana. Ndikufuna ndione nkhope yako ndisanafe."

"Mudzaiona."

"Liti?"

"Posachedwa, Amayi."

Mvula inakula. Anakhalabe choncho, wina mbali iyi wopanda mantha, wina mbali iyo akunjenjemera, zala zitagwirana pakati pa bango. Mpaliri anagwira ntchito yake mosalakwitsa, anazula chilichonse chimene chinamera pamene anamulozera. Chimene sanauzidwe n'chakuti mumtima mwa munthu, chimene amaopa ndi amene amamuitana akaopa zimamera pa phando limodzi.